Gitala yamagetsi yogula kwa wina: muitsuke, muipopere penti kapena muipale?

Magitala amagetsi ambiri amene akulira m'makwaya ndi m'mabandi a pa zikwati kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo si atsopano. Ina inabwera ndi mlamu wochokera ku Joni, ina inagulidwa ku Limbe kwa munthu amene lendi inamuthina, ina yakhala zaka kuseri kwa kabati ya kutchalitchi mpaka nsambo zinadyeka ndi dzimbiri. Ambiri mwa magitalawa ndi ongotengera kapangidwe ka Stratocaster, gitala yotchuka ya kampani ya Fender ya ku America, opangidwa ku China kapena ku Indonesia, ndipo amafika ali okalikakalika, mabatani akukhwekhwereza mukawapotoza. Munthu akangoigula, maganizo oyamba amakhala opala penti yense kuti ayambe mwatsopano. Ine ndimati dikirani kaye. Pa njira zisanu zimene ndiyerekeze pano, yopala mpaka pathabwa ndi imene imadya nthawi yochuluka, komanso ndi imene gitala yotchipa imaikana kawirikawiri.

Zoyenera kuona musanagule ngakhale chitini chimodzi

Yambani ndi khosi, osati penti. Ikani diso kumutu kwa gitala n'kuyang'ana motsata khosi kulowera kuthupi. Kupindikira kutsogolo pang'ono si vuto, amakonza ndi chitsulo cha mkati mwa khosi, truss rod, pochipotoza ndi Allen key osapitirira kota ya mzungulo nthawi imodzi. Koma ngati khosi lapotoka, mbali ina yakwera ina yatsika, kapena chitsulocho chikungozungulira osagwira, musatayirepo ndalama ya penti. Gitala yotere ndi ya zipangizo basi.

Kenako dziwani penti amene alipo. M'zaka za m'ma 1950 Fender inkapopera nitrocellulose, penti wopyapyala wosachedwa kusungunuka, ndipo cha mu 1968 inayamba kusamukira ku polyester. Magitala otchipa a masiku ano pafupifupi onse ali ndi polyester kapena polyurethane, chikhungwa chochindikala ndi cholimba. Kuti mutsimikize, donthezerani mankhwala ochotsera kyutekisi okhala ndi acetone pamalo obisika, monga pansi pa kachitsulo kogwira khosi kumbuyo. Penti akafewa n'kumamatira, ndi wopyapyala uja kapena ndi wa m'chitini amene mwini wakale anapopera yekha. Akangokhala duu osasintha, ndi wa kufakitale.

Chachitatu ndi thabwa. Masulani masikuluwu anayi ogwira khosi, muyang'ane m'kabowo kamene khosi limakhazikika, chifukwa m'menemo penti sakhalamo wambiri. Mukaona mizere yosanjikizana, thupilo ndi plywood. Likakhala thabwa lenileni, kawirikawiri ndi basswood, poplar kapena agathis, mitengo yofewa, yolumikizidwa zidutswa zingapo.

Chachinayi ndi nyengo, ndipo apa ndi pamene mavidiyo a pa intaneti amatisocheretsa, poti owajambula amapopera m'zipinda zouma. Kwathu kuno mvula imayamba cha mu Novembala mpaka Epulo, ndipo ikatha sikuti kwauma ayi. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti chiperoni chimatha kugwa masiku angapo motsatizana, phiri osaoneka, zovala osauma pachingwe. Penti wopopera mumpweya wotere amayera mbuu, chifukwa chinyezi chimatsekeredwa mkati iye akuuma. Miyezi yabwino ndi Seputembala ndi Okutobala, ngakhale nayo ili ndi fumbi lake.

Njira iliyonse ndiiyeza pa zinthu zinayi: mtengo, kupezeka kwa zipangizo, kasamalidwe kake pambuyo pake, ndi zoopsa. Pa mtengo muziwerengera ndi thiransipoti yomwe. Penti wopopera, nsambo ndi sandipepa wosalala n'zochokera kunja, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu zotere sizikhazikika pamtengo umodzi, choncho ndikuuzani kuchuluka kwa zofunika, mtengo wa lero mukafunsa pakauntala. Mawu sindiwaika pamuyeso. Zoti thabwa likachotsedwa penti limapuma ndiye gitala imalira bwino, zisiyeni. Pa gitala yamagetsi mawu amachokera ku mapikapu (timaginito totola mawu pansi pa nsambo), nsambo, ampu ndi zala zanu.

Njira yoyamba: kutsuka ndi kukonza, penti osamuchotsa

Ntchito iyi muichitabe ngakhale mutasankha njira ina, ndiye ndiifotokoza motalikirapo. Musanamasule kanthu, jambulani ndi foni mawaya onse a kuseri kwa pulasitiki wonyamula mapikapu. Masikuluwu muwaike m'mabokosi a machesi, bokosi lililonse mulembepo kumene achokera, chifukwa yaitali ikalowa pamalo pa yaifupi imatha kutulukira mbali ina.

Thupi mulipukute ndi nsalu yoviika m'madzi a sopo wotsukira mbale, yofinyidwa bwino. Pamene penti wachita chimbuuzi, dutsanipo mopepuka ndi sandipepa wonyowa wa 1500 kenako wa 2000 (nambala ikamakwera, sandipepa amakhala wosalala kwambiri), mumalize ndi polishi wa galimoto. Polyester amapirira zimenezi ndipo amawala mpaka mwini wakale kuyamba kudandaula kuti anagulitsa motchipa. Thabwa lakuda la pakhosi, pamene zala zimaponda, limasunga litsiro la thukuta m'mbali mwa mafureti, tizitsulo topingasa pakhosi tija. Palani ndi khadi lakale la pulasitiki ndi mswachi, pakani madontho ochepa a mafuta a mineral, ngati opaka makanda aja, ndipo pakapita mphindi zingapo mupukute onse otsala. Ngati thabwalo ndi loyera la maple, lili kale ndi vanishi, silifuna mafuta. Mafureti muwakweche ndi steel wool wosalala kwambiri wa 0000 mutamata tepi mbali zonse. Musaiwale kuti mapikapu ndi maginito, tizitsulo tothothoka timathamangira komweko, choncho aphimbeni kapena gwirirani khosi kutali. Masikuluwu a dzimbiri aviikeni m'viniga kwa maola angapo, muwatsuke, muwaumitse, muwapake mafuta a makina osokera.

Kukhwekhwereza kwa batani la voliyumu ndi litsiro la mkati. Poperanimo contact cleaner, mankhwala otsukira zamagetsi, n'kupotoza kangapo. Kung'ung'udza kumene sikuchepa ngakhale mutagwira nsambo, kawirikawiri ndi waya wa earth wopita ku buliji (chitsulo chogwira nsambo pathupi) amene waduka. Pomanga jaki (polowetsa chingwe cha ku ampu) yogwedera, igwireni mkati kuti isazungulire, apo ayi mudula mawaya ake.

*Mtengo.* Wotsikitsitsa pa zonse. Chodula ndi seti ya nsambo zatsopano, za 9 mpaka 42 kapena 10 mpaka 46 (manambala a kunenepa kwa nsambo olembedwa papaketi).

*Kupezeka.* Sopo, viniga, tepi ndi mswachi zili paliponse. Kuwotcherera waya, wokonza mawailesi pa Chitakale, pa Luchenza kapena pa Bvumbwe achita pa mphindi zochepa. Nsambo ndi sandipepa wosalala n'zodalirika ku Limbe ndi ku Blantyre; mukafikako gulani maseti awiri. Steel wool wotsukira mapoto ndi wokhakhala kwambiri, m'malo mwake gwiritsani ntchito kachidutswa ka sandipepa wa 2000.

*Kasamalidwe.* Kupukuta nsambo mukatha kuimba, basi. Sungani m'chikwama, muponyemo timapaketi ta silica gel topezeka m'mabokosi a nsapato, ndipo musaitsamiritse pakhoma lozizira kapena kuigoneka pasimenti. Penti wa kufakitale ndiye chitetezo chabwino chimene thupilo lingakhale nacho pa chinyezi cha kuno.

*Zoopsa.* N'zochepa, koma zilipo. Petulo, thinner ndi ufa wotsukira mapoto zimawononga pulasitiki ndi kukala penti. Mafuta ophikira amavunda pathabwa n'kumanunkha. Polishi wopopera wa mipando nthawi zambiri amakhala ndi silicone, amene adzakukanizani penti tsiku limene mudzafune kupopera. Ndipo zipsera zakuya zitsalabe pomwepo.

Njira yachiwiri: penti wa m'zitini pamwamba pa wakale

Ngati mtundu sukukusangalatsani, simufunika kuchotsa penti wakale. Iye ndi maziko osalala kale. Masulani zonse mutsale ndi thupi lokha, tsekani maenje ndi fila wa magalimoto, kwechani paliponse ndi sandipepa wa 320 kapena 400 mpaka kuwala kuthe. Matani tepi m'kabowo ka khosi, mumangiremo kamtengo kogwirira, kuti muzitha kulitembenuza ndi kulipachika pawaya. Poperani muli pa mtunda wa masentimita 20 mpaka 30, dzanja likuyenda, mopyapyala kangapo m'malo mothira wambiri kamodzi. Wazani madzi pansi kuti fumbi lisauluke, ndipo yambani mame atauma.

Chimene chimagwetsa ambiri si kupopera koma kudikira. Penti wa m'chitini amauma pamwamba tsiku lomwelo, koma mkati amafuna milungu 3 kapena 4. Ngati akumvekabe fungo, kapena chikhadabo chikusiya chizindikiro pamalo obisika, sanakhwime. Akakhwima ndi pamene mumasalaza ndi sandipepa wonyowa, 1000 mpaka 2000, n'kupaka polishi.

*Mtengo.* Wapakatikati, koma umakwera mobisa. Werengerani chitini chimodzi cha primer (penti woyambira wa pansi), ziwiri za mtundu, ziwiri kapena zitatu za clear (woonekera womalizira pamwamba), zonse za mamililita 400, kuphatikiza sandipepa, fila ndi tepi. Mukalakwitsa n'kuyambiranso, ndalamayo imatha kufika pa imene munagulira gitalayo.

*Kupezeka.* Zitini zakuda, zoyera ndi zasiliva zimapezeka m'mahadiweya a paboma. Primer ndi clear wa kampani yomweyo ndi amene amavuta, ndiye gulani zonse malo amodzi, tsiku limodzi.

*Kasamalidwe.* Penti ameneyu ndi wofewa kuposa wa kufakitale. Lamba, bakolo ndi thukuta zimamudya, makamaka pamene mkono umatsamira. Ubwino wake, mukasunga chitini chotsala, kukonza pokalika n'kosavuta.

*Zoopsa.* Kusakaniza mitundu ya penti: lacquer akapoperedwa pamwamba pa enamel amamutukumula n'kuchita makwinya. Madzi akalowa m'mabowo a masikuluwu posalaza, thabwa limafufuma n'kung'amba penti, choncho tsekani mabowowo ndi phula la kandulo. Wakuda wonyezimira amaonetsa cholakwika chilichonse. Kwa woyamba kumene, mtundu wosawala wa matt ndi wachifundo ndipo sufuna polishi. Poperani panja kapena pakhonde lodutsa mpweya, kutali ndi mbaula ndi ana.

Njira yachitatu: kupala mpaka pathabwa, n'kupaka mafuta kapena vanishi

Iyi ndi imene imaoneka bwino m'zithunzi, koma zithunzizo n'za magitala a ash ndi mahogany. Ku fakitale sabisa thabwa lokongola pansi pa penti wofiira. Mukapala gitala yotchipa mumapeza zidutswa zosiyana mtundu, zigamba za fila, ndipo poplar amakhala ndi mizere yobiriwirako. Pa plywood ndiye m'mbali monse mumaoneka misanjo.

Ntchito yake nayo ndi yowawa. Mankhwala ambiri ochotsera penti samuluma polyester. Chimene chimagwira ndi heat gun (makina ouzira mpweya wotentha) ndi chopalira: mumatenthetsa kachigawo, penti n'kusweka, inu n'kutokosa. Pansi pake pamatsalanso chikhungwa china choonekera, cholimba, chimene chiyenera kuchoka chonse, apo ayi mafuta amalowa pena pena n'kusiya mawanga. Kuchita zonsezi ndi dzanja ndi sandipepa wa 80 kuli ngati kuswa mphanje ndi khasu lakutha. Mukafika pathabwa, kwerani ndi 120, 220, 320, motsata mizere ya mtengo.

Popaka muli ndi njira ziwiri. Boiled linseed oil mumapaka pang'ono, pakapita mphindi 15 mpaka 20 n'kupukuta onse osalowa, kudikira tsiku lathunthu, n'kubwereza kangapo. Kapena sakanizani vanishi wa polyurethane wa matabwa ndi turpentine, theka ndi theka, muzipaka ndi kansalu mopyapyala. Ine kuno ndingasankhe vanishiyo, chifukwa amatchinga chinyezi kuposa mafuta okha.

*Mtengo.* Zogula n'zotchipa, botolo limodzi limakwana magitala angapo. Chimene mumalipira ndi masiku anu, ndi kubwereka heat gun.

*Kupezeka.* Vanishi, turpentine ndi sandipepa wokhakhala ali ndi kalipentala aliyense. Heat gun ndi yosowa, imafunanso magetsi osathimathima. Musayese moto wa mbaula kapena wa gasi m'malo mwake.

*Kasamalidwe.* Ya mafuta imafuna kupakanso kamodzi kapena kawiri pachaka, ndipo nyengo ya dzinja imatha kuchita chuku ikasiyidwa m'chipinda chotseka. Basswood wopanda chikhungwa chake amabonyoka ngakhale ndi kiyi wa m'thumba.

*Zoopsa.* Kupsereza thabwa, utsi woipa wa penti wotentha, fumbi lolowa m'mapapo. Kalipentala akadutsapo ndi makina okwechera akhoza kuphwatalitsa m'mbali mozungulira muja, ndipo sizibwereranso. Choopsa chenicheni ndi nsanza za linseed: zikaunjikidwa zimadzitenthetsa zokha mpaka kuyaka. Ziyaleni panja imodziimodzi kapena ziviikeni m'ndowa ya madzi.

Njira yachinayi: kupereka kwa opopera magalimoto

Si zachilendo ayi. Mitundu yapadera ya Fender m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 inali penti wa magalimoto wa DuPont. Amagalaja a lero amagwiritsa ntchito 2K, penti wosakaniza ndi hardener, amene amalimba pa masiku ochepa ndipo amafanana mphamvu ndi wa kufakitale. Inu chitani ntchito yomasula, yotseka maenje ndi yokwecha, mupite ndi thupi lokha, zitsulo ndi mapikapu zitsale kunyumba.

*Mtengo.* Mukaitanitsa mtundu wanuwanu, iyi ndi yodula kuposa zonse. Mukavomera mtundu wa galimoto imene akupopera tsiku limenelo, mtengo umatsika kwambiri, chifukwa gitala imangodya zotsalira mu mfuti yopoperayo. Mukhoza kutulukamo ndi gitala yoyera ngati minibasi, koma ili bwino.

*Kupezeka.* Magalaja alipo m'matauni athu, koma okhala ndi malo otchinga fumbi ndi ochuluka ku Limbe. Onani kaye chitseko cha galimoto chimene amaliza musanasiye katundu wanu.

*Kasamalidwe.* Kupukuta kokha.

*Zoopsa.* Anthu awa anazolowera chitsulo, si thabwa. Auzeni momveka kuti m'kabowo ka khosi musalowe penti, chifukwa kachikhungwa kochepa m'menemo kamasintha kakhalidwe ka khosi, nsambo n'kukwera kapena kuyamba kukhudza mafureti. Hardener wa 2K ali ndi isocyanate, amene amawononga mapapo ndi kuyambitsa mphumu, ndipo kamasiki ka nsalu sikateteza. Musaime pafupi akamapopera, musatengerenso wotsala kunyumba kuti mukayese nokha.

Njira yachisanu: stika kapena chitenje

Olemba zikwangwani amene amamata mastika pa minibasi ndi pa njinga zamoto za kabaza ali ndi vinyl amene angaphimbe nkhope ya gitala tsiku limodzi. Chitenje ndi nkhani ina: mumachimata ndi guluu woyera wa matabwa, n'kudula m'mbali ndi lezala chitauma, kenako vanishi wambirimbiri mpaka ulusi usamvekenso kuchala. Fender yomwe mu 1968 inatulutsa gitala ya Telecaster yomatidwa pepala la maluwa pansi pa vanishi.

*Mtengo.* Stika ndi yotchipa. Chitenje chimaoneka chotchipa, koma nsalu imamwa vanishi.

*Kupezeka.* Chitenje msika uliwonse, mpaka pa Muloza. Vinyl mumufunse kwa olemba zikwangwani.

*Kasamalidwe.* Stika imayamba kutukuka m'mbali ndi thukuta ndi kutentha, mumangoisintha.

*Zoopsa.* Vinyl amachita makwinya pokhota, ndiye phimbani nkhope yokha, m'mbali musiye penti wakale. Nsalu zina zimasuluka zikakhudza guluu. Yesani kachidutswa kaye. Stika mukhoza kuimatula, chitenje chikalowa vanishi chalowa.

Ndani atenge njira iti

Ngati gitala ndi ya kwaya ndipo Lamulungu likudzali ikufunika, kapena ndi yokhayo imene muli nayo, itsukeni, muikonze mawaya, muike nsambo zatsopano, muonetsetse kuti pa fureti ya 12 nsambo zatalikirana ndi furetiyo pafupifupi mamilimita 2. Chimodzimodzi ngati pamutu palembedwa Squier, Epiphone, Yamaha kapena Ibanez ndipo mukuganiza zodzaigulitsa: wogula amakhulupirira penti wa kufakitale kuposa wanu, ndipo dzina ndi nambala za pamutu musazikweche.

Ngati mwapeza plywood, njira yachitatu muiwale. Poperani pamwamba kapena matani stika. Ngati mwini wakale anapaka penti wa nyumba ndi bulashi, amene akufewa ndi acetone, chotsani wakeyo yekha. Nthawi zambiri wa kufakitale amakhala ali bwinobwino pansi pake, ndipo mwabwerera ku njira yoyamba.

Woimba pa zikwati ndi m'mabala, amene gitala yake imakwera kabaza ndi kugundidwa ndi masipika, apite kugalaja. Wa nthawi yambiri ndi ndalama zochepa, amene ali ndi gitala ina yoimbira pakadali pano, ayese zitini, koma adikire Seputembala. Kupala mpaka pathabwa kusiyireni amene wasuzumira m'kabowo ka khosi n'kuona thabwa lenileni, amene penti wa gitala yake wang'ambika kale mbali zambiri, ndipo akudziwa kumene angabwereke heat gun. Ndipo ngati mwaigula mu Juni, chiperoni chili pakhomo, matani stika, muziimba, za penti mudzaziona kukatentha.